Gawo: kumene mawuwa adacokera ndi zimene amatanthauza

Mawu akuti "gawo" mumawamva tsiku ndi tsiku: kunyumba pa nthawi ya cakudya, kusukulu pa masamu, pa wailesi akamaulutsa mpira, ngakhalenso pabwalo la amfumu. Gawo ndi mbali imene yapatulidwa pa cinthu cathunthu. Likakhala limodzi timati gawo langa, akaculuka timati magawo athu.

Tsinde lake ndi mneni wakuti "gawa". Pa Cinyanja timakonda kusintha "a" wa kumapeto kwa mneni kukhala "o" kuti tipeze dzina la cinthu. Funsa amabala funso, yankha amabala yankho, lamula amabala lamulo. N'cimodzimodzi gawa: cimene catuluka munthu akagawa, ndico gawo.

Mneniyu ndi wakale kwambiri ndipo si wathu tokha. Akatswiri a zinenero, poyerekeza zinenero za Cibantu, adapeza kuti tsinde lakale linali "gab", lotanthauza kugawa kapena kupatsa. Anzathu olankhula Cisena ndi Cinyungwe amati kugawa, monga ife. Pa Ciswahili amati gawa kapena gawanya. Ashona amati kugova, ndipo gawo la munthu amalicha mugove. Ku Uganda, pa Ciganda, "b" uja adakalipo: okugaba. Ku Rwanda gawo amati umugabane, ndipo Africa yenseyi amaichanso umugabane, kusonyeza kuti ndi gawo limodzi la dziko lapansi. Kwathu kuno "b" wakaleyo adafewa. N'cifukwa cake m'mabuku ena mupeza atalemba "gaŵa", kacipewa kali pamwamba pa "w". Agogo ena amachulabe conco, milomo itangoyandikana osagundana. Ndi liwu lomwe lija la m'dzina lakuti Malaŵi, limene Apwitikizi adalilemba ndi "v", monga mukuonera pa dzina la boma la Marávia ku Tete.

Kucokera pa tsinde limodzili patuluka mawu ambiri, ndipo si onse okoma. Kugawira mnzako mcere ndi ulemu. Paja akulu amati kupatsa n'kuika. Mwana akaona mnzake akudya cinangwa amangoti, "Ndigawireko." Kugawana ndi kwa anthu ogwirizana. Koma mudzi ukagawanika, kapena mumpingo mukabuka magawano, apo ndiye kuti zinthu zaipa. Mukamva kuti uje ndi uje agawana zida, dziwani kuti banja latha. Ku Malawi, matenda a Edzi atangofika, ena ankawachula kuti magawagawa, poti munthu amagawira mnzake.

Dzina lakuti gawo nalo lidayenda mtunda. M'buku, gawo ndi mbali imene ili ndi nkhani yakeyake. M'malamulo muli magawo okhala ndi manambala. Munthu akathandiza pomanga sukulu timati watengapo gawo, ngakhale kuti sanatenge kanthu kupita nako kwawo. Ogula magawo m'kampani amakhala eni ake a kambali ka kampaniyo. Tikaika "ci" patsogolo timapeza cigawo, cimene nthawi zambiri cimakhala cacikulu. Dziko la Mozambique lili ndi zigawo 10, ndipo mzinda wa Maputo umawerengedwa ngati cigawo pawokha, ca nambala 11. Cinyanja cimalankhulidwa kwambiri m'zigawo za Niassa, Tete ndi Zambézia. Mpira nawo uli ndi zigawo ziwiri, ciliconse ca mphindi 45.

Codabwitsa n'cakuti kukhichini, kumene kugawa kumacitika tsiku lililonse, mawu akuti gawo samveka kwambiri. Amayi sanena kuti "tenga gawo la nsima", amati mtanda. Nyama ndi nthuli, mbale ikasweka patsala zibenthu, nsalu yodulidwa ndi cidutswa, tomato wa pamsika ndi mulu. Mawu amenewa amakuuzani maonekedwe a cinthu. Gawo silinena za maonekedwe ayi. Limanena kuti pali cinthu cathunthu, pali amene wagawa, ndiponso pali amene akuyenera kulandira. Nthuli ingakhale ya aliyense, koma mukati "gawo langa" ndiye kuti mukunena za cimene cili canu mwa cilungamo.

Apa ndi pamene kuwerenga kumafunika. Mukaona 1/4, werengani kuti gawo limodzi mwa magawo anayi. Nambala ya pansi ikunena kuti cinthuco cagawidwa kangati, ya pamwamba ikunena magawo amene mwatenga. Ambiri amasokonezeka poganiza kuti 1/10 ndi wamkulu kuposa 1/5, eti poti 10 amaposa 5. Tayesani ndi thumba la cimanga la makilogalamu 50. Mukaligawa pawiri, aliyense atenga theka, makilogalamu 25. Mukaligawa pasanu, gawo limodzi ndi makilogalamu 10. Mukaligawa pakhumi, ndi makilogalamu 5 basi. Ogawana akamaculuka, gawo limacepa.

Cizindikiro ca % cimatanthauza kuti cinthu cagawidwa m'magawo 100, monga mmene metikali imodzi ilili ndi masentavu 100. Conco 20% ndi magawo 20 mwa magawo 100, zomwe n'zofanana ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pa mametikali 1000, ndi mametikali 200.

Nambala ya 20% imeneyi anthu a kumidzi ya kuno kwathu amaimva kawirikawiri. Malamulo a za nkhalango ndi nyama zakuchire a caka ca 2002 adanena kuti 20% ya ndalama zimene odula mitengo kapena osaka nyama amalipira ku boma izibwerera kwa anthu a m'dera limene zinthuzo zatengedwa. Mu 2005 boma lidafotokoza njira yake: anthuwo akhale ndi komiti yodziwika ku boma, atsegulenso akaunti ku banki m'dzina la dera lawo.

Pamsonkhano mukamva kuti "gawo lanu ndi 20%", funso loyamba ndi lakuti: 20% ya ciyani? Ena akaona magalimoto odzaza matabwa akutuluka m'nkhalango amaganiza kuti gawo lawo liwerengedwa pa mtengo umene matabwawo akagulitsidwe. Lamulo lija silidatero. Lidanena za ndalama ya cilolezo imene wodulayo wapereka ku boma, ndipo imeneyo imacepa poyerekeza ndi mtengo wa matabwa pamsika. Funso laciwiri ndi lakuti: ogawana alipo angati? Tiyerekeze kuti wodula mitengo walipira mametikali 500 000. Gawo la anthu ndi mametikali 100 000. Ngati mitengoyo yadulidwa m'midzi inayi ndipo agwirizana kugawana mofanana, mudzi wanu ulandira 25 000. Wodulayo akakhala wopanda cilolezo, ndiye kuti ku boma sanalipire kanthu, ndipo 20% ya ziro ndi ziro.