Matsagwidi, Mbewa ndi Mlandu wa Shuga ya Ana

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi mlandu womwe madokotala akhala akuuzenga zaka zoposa 100 osautha.

Mwana akapezeka ndi shuga, kwathu kuno sitichedwa kuloza chala: ati mayi ake ankamudyetsa maswiti, apo ayi alipo wamuchita chipongwe. Chonsecho shuga ya ana, ija yobaya insulini tsiku ndi tsiku, imayamba asilikali a m'thupi akaukira kapamba n'kupha timaselo topanga insuliniyo. Nanga amawaputa ndani?

Mu 1899 dokotala wa ku America, H. F. Harris, analemba za wodwala yemwe anayamba shuga atangodwala matsagwidi. Sizinapite patali, poti munthu mmodzi si umboni. Mu 1969 ku England, Gamble ndi Taylor anapeza kuti magazi a anthu ambiri ongoyamba kumene shuga ankaonetsa kuti alimbanapo ndi kachilombo kotchedwa Coxsackie B4.

Yomwe imandikhudza ine ndi ya 1979. Mnyamata wa zaka 10 ku America anadwala ngati chimfine, patangopita masiku ochepa anakomoka ndi shuga, n'kumwalira. Ji-Won Yoon ndi anzake anapeza Coxsackie B4 m'kapamba wake, n'kubaya nako mbewa. Zina mwa mbewazo zinadwala shuga. Zinaoneka ngati wakuba wagwidwa.

Koma ayi ndithu. Ana ambirimbiri amadwala kachilomboka n'kuchira bwinobwino. Apa m'pomwe mlandu unatembenukira kwa alonda. Mu 1987 ku Glasgow, Alan Foulis anapeza kuti m'akapamba a anthu omwe anamwalira atangoyamba shuga, timaselo tija tinali ndi interferon, mfuu yomwe selo limakuwa likalowedwa ndi kachilombo. Zikuoneka kuti mwa ana ena mfuuyo siileka msanga, ndiye asilikali akafika amatentha nyumba pofuna wakuba. Mu 2009 akatswiri a ku Cambridge anawonjezera chodabwitsa: anthu obadwa ndi jini ya IFIH1 yofookerako, yomwe ntchito yake n'kununkhiza tizilombo totere, sadwala shugayi kawirikawiri. Tangoganizani, kuchepa tcheru n'kumene kumawateteza!

Mu 2023 gulu la Knut Dahl-Jørgensen ku Oslo linalengeza zotsatira za ana 96 ongopezeka kumene ndi shuga. Omwe anamwa mankhwala olimbana ndi tizilomboti kwa miyezi 6 ankapangabe insulini yawoyawo yochulukirapo chaka chitatha kusiyana ndi anzawo. Jakisoni yekha sanasiye kubaya.