Nkhadze

Nkhadze ndi mtengo wa nthambi zobiriwira, zoonda ngati pensulo, womwe anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amatchingira khola, dimba kapena malire a munda. Mukathyola kanthambi, pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Utomoni umenewu ndi woopsa: ukagwera m'maso amatentha koopsa, mwina mpaka munthu kuleka kuona kwa masiku angapo. Ukakugwerani, tsukani maso ndi madzi ambiri, kenaka thamangirani kuchipatala.

Nkhadze ena amaiyesa cactus poti imaoneka yopanda masamba. Si choncho ayi. Timasamba ili nato, koma ndi tating'ono ndipo timayoyoka msanga, ntchito yopanga chakudya nkutsalira nthambi. Mitundu ya cactus kwawo ndi ku America. Nkhadze ili m'banja la Euphorbiaceae, ndipo abale ake timawadziwa bwino: chinangwa ndi nsatsi. Dzina lake la sayansi, Euphorbia tirucalli, analemba ndi katswiri wa zomera Carl Linnaeus mu 1753.

Chimene ndimaikondera nchakuti siivuta kubzala. Dulani nthambi, muisiye iume pang'ono podulapo, muizike m'nthaka ngakhale ya miyala, iphuka.