Nosferatu ya 1922 yokonzedwanso pa DVD ndi Blu-ray

Nosferatu ndi filimu yoopseza ya ku Germany, yopanda mawu olankhula, yomwe inatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi Friedrich Wilhelm Murnau. Dzina lake lonse ndi Nosferatu, eine Symphonie des Grauens. Imasimba za Count Orlok, munthu wakufa amene masana amagona m'bokosi la maliro, usiku n'kudzuka kukayamwa magazi a anthu amoyo. Kope lomwe ambiri amalidalira masiku ano ndi lomwe linakonzedwanso mu 2005 ndi 2006 ndi bungwe la Friedrich-Wilhelm-Murnau-Stiftung la ku Wiesbaden, ndipo anatsogolera ntchitoyi ndi katswiri wa ku Spain, Luciano Berriatúa. Linatuluka pa DVD mu 2007, kenako pa Blu-ray mu 2013. Lili ndi zigawo zisanu ndipo limatenga mphindi pafupifupi 94.

Chiyambi cha filimuyi

Kampani yomwe inapanga filimuyi, Prana Film, inakhazikitsidwa mu 1921 ndi Enrico Dieckmann ndi Albin Grau. Grau anali waluso lojambula pamanja komanso wokonda nkhani za mizimu, ndipo ndiye anakonza zovala ndi maonekedwe a malo a mufilimuyi. Orlok anamupatsa mutu wadazi, makutu osongoka, zala zazitali zazikhadabo ndi mano awiri akutsogolo onga a khoswe. Nkhani analemba ndi Henrik Galeen, ndipo kamera inali m'manja mwa Fritz Arno Wagner. Max Schreck anasewera ngati Orlok, Gustav von Wangenheim ngati mnyamata Hutter, Greta Schröder ngati mkazi wake Ellen, pomwe Alexander Granach anali Knock, bwana wa Hutter wogulitsa nyumba.

Kujambula kunayamba mu Julayi 1921. Mosiyana ndi mafilimu ambiri a ku Germany a nthawi imeneyo, omwe ankajambulidwira m'nyumba zomangidwira ntchitoyo, Murnau anatuluka panja. Misewu ndi doko ndi za m'mizinda ya Wismar ndi Lübeck. Nyumba yakugwa yomwe Orlok amagula ndi nkhokwe zakale za mchere za ku Lübeck, zotchedwa Salzspeicher, zomwe zikadalipo mpaka lero. Linga la Orlok ndi Orava Castle ya ku Slovakia, ndipo mapiri ena ndi a High Tatras. Zochitika za m'nyumba zokha ndi zomwe zinajambulidwa ku Johannisthal, mu Berlin.

Nkhaniyo ikuchitika mu 1838. Hutter watumidwa ku Transylvania kukagulitsa nyumba kwa Orlok. Orlok ataona chithunzi cha Ellen, akukwera sitima ya pamadzi ndi mabokosi odzaza dothi ndi makoswe, ndipo pofika kwawo kwa Hutter akubweretsa mliri. Ellen akudzipereka yekha, n'kumuchedwetsa m'chipinda chake mpaka tambala kulira, ndipo dzuwa likutuluka Orlok akuzimirira. Filimuyi inaonetsedwa koyamba pa 4 Malichi 1922 mu holo ya Marmorsaal, kumalo osungira nyama zakutchire a Berlin, pa phwando lomwe alendo anapemphedwa kuvala zovala za makedzana.

Mlandu wa mayi Stoker

Nkhaniyi inatengedwa m'buku la Dracula, lomwe Bram Stoker anatulutsa mu 1897. A Prana sanabise zimenezi, koma sanapemphe chilolezo ndipo sanalipire kanthu. Stoker anali atamwalira mu 1912, ndipo mkazi wake wamasiye, Florence Stoker, ankadalira ndalama za bukulo. Mu 1922 munthu wina wosadzitchula dzina anamutumizira pepala la ndondomeko ya phwando la ku Berlin lija, pomwe dzina la mwamuna wake linalembedwa poyera. Mayiyu analowa bungwe la alembi la ku Britain, Society of Authors, ndipo mothandizidwa nalo anasuma ku Germany.

Prana inali itawononga ndalama zambiri polengeza filimuyi, ndipo posakhalitsa inagwa ndi ngongole. Nosferatu ndiyo filimu yokhayo yomwe kampaniyi inapanga. Mlandu unapitirira ndi omwe anatenga katundu wake, mpaka mayi Stoker ataona kuti ndalama sizituluka anapempha kuti filimuyo iwonongedwe basi. Mu Julayi 1925 khoti linagamula choncho: makope onse awonongedwe, pamodzi ndi negativu yomwe makopewo ankatsukidwako.

Chigamulo cha khoti la ku Germany sichikanatha kulondola mipukutu yomwe inali itagulitsidwa kale kunja. Bungwe la Film Society la ku London linaonetsa filimuyi mu 1928, zomwe zinamukwiyitsanso mayi Stoker. Ku New York inafika mu 1929. Mu 1930 ku Germany komweko kunatuluka filimu ina yotchedwa Die zwölfte Stunde, yomwe Waldemar Roger anaisoka kuchokera ku zithunzi za Murnau, n'kuwonjezera zina zatsopano, nyimbo za pa mbale za galamafoni ndi mathero achisangalalo. Murnau sanakhudzidwe nayo. Iye anali atapita ku Hollywood, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto ku California mu 1931. Schreck anamwalira mu 1936.

Choncho Nosferatu inapulumuka ili zidutswazidutswa: kope lina ku France, lina lochokera ku Czechoslovakia, lina m'nkhokwe ya mafilimu ya boma la East Germany, lililonse lodulidwa mwake, lokalikakalika ndi kuzunguliridwa m'makina kwa zaka zambiri. Enno Patalas wa ku Filmmuseum ya ku Munich ndiye anayamba kuzisonkhanitsa mu 1981, ndipo anabwereza ntchitoyi kangapo mpaka 1995, pomwe anagwirizana ndi Cineteca di Bologna ya ku Italy. Chinamuthandiza n'chakuti kope la nkhani yolembedwa ndi Galeen, lokhala ndi ndemanga za dzanja la Murnau, linasungika, ndipo wolemba mbiri ya mafilimu Lotte Eisner analisindikiza m'buku lake lonena za Murnau.

Usiku wabuluu

Chinthu chachikulu chomwe kukonzaku kunabwezera ndi mitundu, ndipo pa filimu iyi mitundu si zokongoletsa. Filimu yojambulira ya m'ma 1920 inkafuna kuwala kwambiri, choncho zochitika za usiku wapanja ankazijambula dzuwa likuswa mtengo. Usiku unkapangidwa pambuyo pake: kope lotsuka kale ankalidula m'magawo, gawo lililonse n'kulinyika mu utoto wake, kenako n'kulumikizanso. Chikasu chinkatanthauza masana kapena chipinda choyaka nyali, buluu wobiriwira usiku, ndipo pinki m'bandakucha kapena chisisira. Oonera a nthawiyo ankamva chilankhulo chimenechi popanda wowauza.

Mipukutu yakale inali ya nitrate, chinthu choyaka moto msanga komanso chowola pakapita zaka. Nkhokwe zitayamba kuikopera pa filimu yosayaka, zinkagwiritsa ntchito yakuda ndi yoyera, ndipo utoto wonse unatsalira m'mbuyo. Zotsatira zake zinali zoseketsa. Kwa zaka makumi angapo anthu ankaona Orlok atakwapatira bokosi lake la maliro, akudutsa m'misewu ya mzinda masanasana ngati munthu wochokera kumsika, chikhalirecho kumapeto kwa filimu yomweyo akufa ndi kuwala kwa dzuwa. Ena ankati Murnau analakwitsa. Sanalakwitse ayi. Pambuyo pake Berriatúa anazindikira kope la Chifalansa lokhala ndi utoto wake m'nkhokwe ya Cinémathèque Française ku Paris, ndipo kuchokera pamenepo zinadziwika kuti gawo liti linali la mtundu uti. Pali malo ena pomwe mphepo ikuzimitsa kandulo m'chipinda, ndipo chithunzi chikusintha pomwepo kuchoka ku chikasu kupita ku buluu. Pa kope lakuda ndi loyera kandulo imangozima, chipinda n'kukhalabe chowala.

Mayina a anthu ndi malo

Galeen anasintha mayina onse a m'buku. Dracula anakhala Orlok, Jonathan Harker anakhala Hutter, Mina anakhala Ellen, Renfield anakhala Knock, ndipo Van Helsing, yemwe m'buku ndiye mlenje wamkulu wa mizukwa, anasanduka Pulofesa Bulwer, mphunzitsi yemwe amaonetsa ophunzira ake zomera zodya tizilombo koma osapulumutsa aliyense. Sitima yotchedwa Demeter inakhala Empusa. England anachotsedwamo, m'malo mwake n'kuikamo Wisborg, mzinda wongopeka wa kumpoto kwa Germany.

Mu filimu yopanda mawu, dzina la munthu limakhala pa makadi a mawu olembedwa omwe amaoneka pakati pa zithunzi. Wogula filimu kudziko lina ankadula makadiwo n'kuika a chilankhulo chake, ndipo pamenepo ankalemba zomwe wafuna. Umu ndi mmene mayina a Stoker anabwererera pakhomo lakuseri. Pa kope la Chingerezi lomwe linafala kwambiri ku America, lomwe Museum of Modern Art ya ku New York inasunga, Orlok akutchedwa Dracula, Hutter ndi Jonathan Harker, Knock ndi Renfield, Bulwer ndi Van Helsing. Ellen sanabwerere kukhala Mina. Anakhala Nina, dzina lomwe mulibe m'buku ndipo mulibenso m'filimu ya Murnau. Wisborg inasanduka Bremen, mzinda weniweni womwe si kumene misewu ya mufilimuyi inajambulidwa. Ngakhale wosimba nkhani anapatsidwa dzina. Pa makadi oyambirira iye ndi munthu wosadziwika, ndipo pamalo pa dzina lake pali mitanda itatu basi, koma kope lofalali linamutcha Johann Cavallius, wolemba mbiri ya Bremen. Mitanda itatu ija imaopsa kuposa dzina lililonse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mibadwo ingapo ya oonera sinaione.

Chisokonezochi chinalowa m'mabuku. Ndemanga zambiri zakale za filimuyi zimanena za Nina ndi Bremen ngati ndi zomwe Murnau anajambula. Njira yachidule yodziwira kope lomwe munthu wagula ndi imeneyi: akaona Bremen pa khadi loyamba, adziwe kuti si lokonzedwanso. Berriatúa anabwezera makadi a Chijeremani, olembedwa m'zilembo zokongoletsa za 1922, kuphatikizapo makalata ndi masamba a mabuku omwe anthu a mufilimu amawerenga. Ochuluka anachokera pa kope la 1962 la m'nkhokwe ya mafilimu ya boma la Germany ya Bundesarchiv-Filmarchiv, lomwe linakoperedwa ku mpukutu wa 1922. Omwe sanapezeke anawajambulanso motsanzira zilembo zomwezo, ndipo pakona pake anaikapo zilembo F.W.M.S. kuti woonera adziwe kuti khadilo ndi latsopano.

Kakonzedwe kake

Maziko a ntchitoyi anali kope la nitrate la Chifalansa lija. Zithunzi zosowamo zinatengedwa pa kope la 1939 la ku Bundesarchiv, lochokera ku mpukutu womwe unagulitsidwa ku Czechoslovakia m'ma 1920, ndipo zina zinatoledwa mu Die zwölfte Stunde, filimu yomwe poyamba inali yowononga ntchito ya Murnau. Zonsezi zinachitikira ku L'Immagine Ritrovata, labotale yokonza mafilimu ya ku Bologna. Zithunzi zinalowetsedwa m'kompyuta, fumbi ndi mikwingwirima yambiri zinachotsedwa, kugwedera kunachepetsedwa. Liwiro linaikidwa pa zithunzi 18 pa sekondi. Makope otchipa ankathamangitsidwa pa 24, n'chifukwa chake anthu ankayenda mothamangathamanga ndipo filimu inkatha msanga. Malo omwe Murnau anathamangitsa dala, monga ngolo ya Orlok m'nkhalango, tsopano amaoneka kuti ndi adala.

Nyimbo ndi zimbale

Nyimbo zoimbidwa pa tsiku loyamba loonetsa filimuyi anapeka ndi Hans Erdmann, koma zolembedwa zake zonse sizinasungike. Chomwe chinatsala ndi mbali yomwe anaisindikiza payokha mu 1926. Kuchokera pamenepo Berndt Heller anazilumikizanso, ndipo anaziimba ndi a Rundfunk-Sinfonieorchester Saarbrücken. Ndi nyimbo zofatsa kuposa momwe okonda mafilimu oopseza amayembekezera, ndipo ena amakonda za James Bernard, wopeka nyimbo za mafilimu oopseza a kampani ya Hammer, yemwe analembera Nosferatu zake mu 1997. Zimenezo zili pa chimbale cha bungwe la mafilimu la ku Britain la BFI, chomwe chinatsatira ntchito ya Patalas ya 1995. Popeza ku America filimuyi inalibe mwini mwalamulo, matepi a VHS ndi ma DVD otchipa anachuluka, ena mpaka anaikamo nyimbo za gulu la Type O Negative.

Akatswiri ambiri amati Nosferatu ndiyo inayambitsa ganizo lakuti woyamwa magazi amafa ndi dzuwa, poti Dracula wa m'buku amayenda masana bwinobwino. Werner Herzog anaipanganso mu 1979 ndi Klaus Kinski, ndipo Robert Eggers mu 2024 ndi Bill Skarsgård.

Ku America kope la Berriatúa linatulutsidwa ndi kampani ya Kino pa zimbale ziwiri, china cha makadi a Chijeremani, china cha makadi a Chingerezi. Ku Britain linatuluka mu mndandanda wa Masters of Cinema wa kampani ya Eureka, lili ndi makadi a Chijeremani ndi mawu omasulira m'munsi. Blu-ray yake ya 2013 ili ndi ndemanga za David Kalat komanso za R. Dixon Smith ndi Brad Stevens, zomwe munthu angamvetsere filimu ikuyenda. Makampani onse awiri anaphatikizamo The Language of Shadows, filimu ya Berriatúa yofotokoza moyo wa Murnau ndi malo omwe Nosferatu inajambulidwa. Blu-ray ya Eureka ndi ya Region B, chigawo chomwe muli Ulaya ndi Africa, choncho ndi imene imasewera pa makina ogulidwa ku Johannesburg kapena ku London, pomwe zimbale za ku America nthawi zambiri zimakhala za Region A.