Alendo a Uthenga pa Mosi-oa-Tunya

1. Utsi wogunda

Kumwera kwa dziko la Zambia, pamalire ndi Zimbabwe, mtsinje wa Zambezi umagwera m'phompho lakuya mamita oposa 100. Nthunzi ya madziwo imaonekera kutali, ndipo mkokomo wake umamveka ngati bingu. Anthu a mtundu wa Akololo anatcha malowa Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda. Eni nthaka, Aleya ndi Atoka, anakhala kuno kuyambira kalekale. Pafupi ndi mathithiwa pali tawuni ya Livingstone.

2. Livingstone sanayende yekha

Pa 16 Novembala 1855, David Livingstone anafika pamathithiwa. Iye anali mmishonale wochokera ku Scotland, wotumidwa ndi bungwe la London Missionary Society. Anapatsa mathithiwa dzina la Victoria, mfumukazi ya kwawo.

Koma njira sanaipeze yekha. Sekeletu, mfumu ya Akololo, anamuperekeza ndipo anamupatsa anthu oposa 100 oyenda naye mpaka ku Tete. Amene anamufikitsa pakachilumba ka m'mphepete mwa phompho anali opalasa bwato odziwa madzi a Zambezi. Paja amati mlendo ndi mame, koma amene amadziwa pothera njira ndi mwini mudzi.

3. Abale athu a ku Chikwawa

Ena mwa anthu a Sekeletu amene anayenda ndi Livingstone sanabwerere kwawo. Anakhazikika m'chigwa cha Shire ku Malawi, nakhala mafumu pakati pa Amang'anja. Maufumu a Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa anachokera kumeneko. Choncho mbiri ya Mosi-oa-Tunya ndi yathunso.

4. Ulendo wa misozi

Mu 1860, amishonale awiri, Holloway Helmore ndi Roger Price, anafika ndi mabanja awo ku Linyanti, likulu la Sekeletu. Dzikolo sankalidziwa, ndipo analibe mnzawo wa komweko wowadalira. Matenda anawagwira. Helmore, mkazi wake ndi ana ake ena anamwalira. Price anataya mkazi ndi khanda. Mishoni inatha isanayambe n'komwe.

5. Mpingo wa ku Lesotho utuma ana ake

Patapita zaka, Akhristu a ku Lesotho anafuna kukalalikira kwa anthu akutali. Anasonkha chuma chawo ndi kusankha alaliki pakati pawo. Mmodzi mwa alalikiwo anali Asser Sehahabane. Anapempha François Coillard, mmishonale wa ku France wa bungwe la Paris Evangelical Missionary Society, kuti awatsogolere.

Anafika ku Zambezi mu 1878 ndipo anapeza chinthu chodabwitsa. Alozi, anthu a kumeneko, ankamva chilankhulo chawo! Akololo anachokera kumwera, ndipo chilankhulo chimene anasiyira Alozi chimafanana ndi Chisutu. Alaliki aja ankatha kukhala pabwalo ndi kucheza ndi anthu popanda womasulira.

Coillard ndi anzake anabweranso ndi kukhazikika ku Sesheke mu 1885, kenaka ku Sefula. Mfumu ya Alozi, Lewanika, inawalola kutsegula sukulu, ndipo mwana wake Litia anaphunzira kumeneko. Ntchito inali yowawa, ndipo manda a alendo akuda ndi oyera omwe anachuluka. Koma ulendo uno mbewu inamera.

6. Tawuni ibadwa

Azungu oyamba anamanga kamudzi pa doko la Old Drift, m'mbali mwa Zambezi. Malungo anapha ambiri kumeneko. Mlatho wa njanji utatha mu 1905, anthu anasamukira kumtunda, ndipo tawuni ya Livingstone inayamba. Inakhala likulu la Northern Rhodesia (dzina lakale la Zambia) kuchokera mu 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka.

Mipingo inatsata anthu. Tchalitchi cha Coillard Memorial chimakumbutsa za mmishonale uja, amene anamwalira mu 1904. Mu 1931 kunabwera ansembe achikatolika a chipani cha Capuchin ochokera ku Ireland.

7. Mpingo m'manja mwa eni ake

Nawonso Amalawi anatuma ana awo. David Kaunda, wophunzira ku Livingstonia, anapita ku Chinsali kukaphunzitsa ndi kulalikira pakati pa Abemba. Mwana wake, Kenneth Kaunda, anakhala pulezidenti woyamba wa Zambia mu 1964.

Pa 16 Januwale 1965, mpingo wa Alozi umene unakula kuchokera ku mishoni ya Coillard unagwirizana ndi mipingo ina kupanga United Church of Zambia. Mbewu ya alendo inasanduka munda wa eni ake.

8. Alendo a masiku ano

Lero ku Livingstone kumabwerabe magulu a Akhristu ochokera kunja. Ena amathandiza kumanga matchalitchi, ena amaphunzitsa, ena amachezera odwala. Nafenso timawoloka malire kukachezera mipingo ya anzathu.

Mbiri iyi ikutiphunzitsa mayendedwe abwino. Mlendo ayambe wapereka moni kwa abusa, akulu a mpingo ndi mfumu. Afunse chimene anthu akusowa, asawasankhire. Aphunzire mawu a chilankhulo chawo, ngakhale ochepa. Ntchito imene wayamba ikhale yoti eni ake aipitirize iye atapita. Mutu umodzi susenza denga.

Wolandira alendo nayenso asadzione wochepa. Opalasa bwato a pa Zambezi ndi alaliki a ku Lesotho analibe chuma chambiri, koma popanda iwo uthenga sukanawoloka mtsinje.

Mafunso okambirana

1. Kodi dzina lakuti Mosi-oa-Tunya limatanthauza chiyani?
2. Ndani anathandiza Livingstone kufika pamathithi?
3. N'chifukwa chiyani Alozi ankamva alaliki a ku Lesotho?
4. Alendo akabwera kumpingo kwanu, inu mungawaphunzitse chiyani?