NANGULA ATATU: MMENE INSHUWALANSI INAOLOKERA MALIRE KUFIKA KUNO

Anyamata a pa dooko, ndabweranso. Yalero ndi yaitali, werengani foni ikadali ndi moto.

Sabata yatha ndinapita ku Liwonde kukasaka mapulagi a injini. Mu shopumo munali kalendala ya Old Mutual, ndipo nditayang'anitsitsa chizindikiro chobiriwira chija ndinaona kuti ndi nangula atatu olukana. Ine wa maboti ndinadabwa, eti nangula akufunanji pa kampani ya ndalama? Ndiye ndakhala ndikufufuza usiku, ndipo izi ndi zomwe ndapeza.

Poyamba dziwani kuti inshuwalansi inakulira pamadzi. Cha m'ma 1688 ku London kunali mkulu wina, Edward Lloyd, yemwe ankagulitsa khofi. Eni masitima ndi amalonda ankakumana pamalo akewo. Mwini sitima ankalipira kandalama, anthu angapo n'kusaina kuti sitimayo ikamira agawana chipukutamisozi. Lloyd's ya lero inachokera pamenepo. Mantha awo ndi omwewa timakhala nawo mwera ukauka boti lili pakati pa Chilwa.

Old Mutual inabadwa mu 1845 ku Cape Town, mzinda wa padoko. Anaiyambitsa ndi John Fairbairn, wa ku Scotland, mkonzi wa nyuzipepala. Dzina lake loyamba linali Mutual Life Assurance Society of the Cape of Good Hope. Chomwe chandigwira mtima n'chakuti panalibe bwana wobwera ndi mpamba. Anthu 166 anayamba kusonkha, ndipo osonkhawo ndiwo anali eni ake. Wina akamwalira, mkazi ndi ana ake ankalandira kuchokera m'thumba lomwelo. Kunena mwachidule, inali banki mkhonde ya maliro, kungoti inali ndi mabuku olongosoka. Mu 1885 anasintha dzina kukhala South African Mutual Life Assurance Society, kusonyeza kuti sinalinso ya ku Cape kokha.

Nanga inatuluka bwanji m'dziko? Inkatsata komwe kuli malipiro a pamwezi. Njanji ikapita kumpoto, migodi ikatsegulidwa, makalaliki akalembedwa, wogulitsa inshuwalansi naye ankafika ndi chikwama chake. M'zaka za m'ma 1920 inali itakhazikika ku South West Africa, yomwe lero ndi Namibia, komanso ku Rhodesia. Kuno ku Nyasaland ofesi yoyamba inatsegulidwa mu 1954, patangotha chaka chimodzi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitayamba mu 1953. Boma limodzi, malonda kuyenda mosavuta pakati pa Salisbury ndi Blantyre, kampani nayo inaona mpata.

Chifukwa chake chotulukira ndi chomveka kwa msodzi aliyense. Thumba la anthu ochepa, a malo amodzi, tsoka limodzi limalipsereza. Anthu akachuluka, n'kukhala m'madera osiyanasiyana, onse salira tsiku limodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Nthawi imeneyo azigogo athu ambiri anali ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Mapepala a inshuwalansi sankawafika, ankapita kwa azungu ndi a ntchito za muofesi. Koma iwo sanagone. Anayambitsa mabungwe awo a maliro, kusonkha mwezi ndi mwezi kuti mnzawo akafera kuchilendo aikidwe mwaulemu. Nzeru yomweyo ya anthu 166 aja.

Mu 1999 Old Mutual inasiya kukhala ya osonkha, inakhala ya ma sheya, likulu n'kupita ku London, ndipo sheya zake zinayamba kugulitsidwanso pa msika wa ku Blantyre. Mu 2018 likulu linachoka ku London n'kupita ku Johannesburg. Nayo NICO, yobadwira konkuno, inali yoyamba kulowa pa msika wa sheya wa Malawi mu 1996, kenako inaoloka kupita ku Zambia. Ndiye musamati Amalawi sitingathe.

Tsopano ndibwere pakhomo. Mu 2018 Chilwa ataphwa, bambo anga anagulitsa injini yawo pa mtengo wa nkhuku kuti tipeze chimanga. Injini imene ndinaphunzirirapo kugwira sipanala. Madzi atabwerera, iwo anabwerera ngati waganyu pa khoka la munthu wina. Nyanjayi inaphwanso mu 1968 ndi mu 1995, akuluakulu amakumbukira. Idzaphwanso basi. Funso ndi lakuti idzatipeza tili ndi chiyani.

Ganizo langa ndi ili. Tikhale anthu makumi atatu, asodzi, amakanika, amayi oyanika matemba, anyamata a kabaza. Tsiku lililonse lopha, kachepa m'thumba. Tilembe pepala lomveka: boti likamira, injini ikabedwa, munthu akatisiya, alandira zingati. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu, ndipo osainira akhale atatu. Koma tisadzinamize: nyanja ikaphwa tonse tidzalira limodzi, thumbalo silidzakwana. N'chifukwa chake tikope anzathu a ku Malombe ndi olima mpunga alowe nawo. Phunziro la kutuluka malire ndi limeneli.

Lamlungu madzulo ndidzakhala pa shedi yanga pa Mposa, kope ndabweretsa kale. Amene muli ku Joni, nenani maganizo anu pa gulupu pano. Tumizani kwa anzanu.