Mchenga ndi Mpeni wa Pulawo

Mbali yaikulu ya mchenga wa m'munda ndi tizidutswa ta mwala wa nsangalabwi, ndipo mwala umenewu ndi wolimba kuposa chitsulo chimene timalimira. Pa muyeso wa Vickers, umene akatswiri amayezera kulimba kwa zinthu, nsangalabwi imafika pa 1,000 kapena kupitirirapo pang'ono, pamene chitsulo chabwino cha mpeni wa pulawo chimathera cha m'ma 500. Choncho pulawo ikalowa m'nthaka, chimene chimakandika ndi chitsulo. Mpeni umaperepeseka, nsonga imafupika, ndipo kunsi kwake kumabwera kubuntha kumene kumakankhira pulawo m'mwamba. Ng'ombe zimalefuka dzuwa lisanakwere, thalakitala imamwa dizilo wambiri, pansi pa mzere pamatsala dothi louma gwa limene mizu imalephera kuboola. Vutoli ndi lakale ngati pulawo yeniyeniyo, ndipo palibe amene analithetsa. Amene anapambana ndi aja anavomereza kuti chitsulo chidzatha ndithu, n'kuyamba kusankha okha poti chithere.

Mapulawo oyamba, amene ankakokedwa ndi ng'ombe ku Mesopotamia ndi ku Egypt zaka zoposa 5,000 zapitazo, anali mitengo chabe, nthambi yopindika yokanda mzere pamwamba pa nthaka. Mtengo sungalimbane ndi mchenga, motero nzeru yoyamba inali kuveka nsongayo chinthu china. Ku zilumba za Orkney ndi Shetland, kumpoto kwa Scotland, ofukula zakale apezako nsonga zambiri zosema pamwala zimene ankazilowetsa kutsogolo kwa pulawo. Chitsulo chitadziwika, palibe amene anaganiza zosula pulawo yonse, poti chinali chodula. Aroma ndi anansi awo ankasula kachitsulo koveka kunsonga kokha, kwinako n'kusiya mtengo.

Ku China zinthu zinayenda mwina. Anthu akumeneko anadziwa kusungunula chitsulo mpaka kuyenderera ngati madzi ndi kuchithira m'zikombole zaka mazana angapo Yesu asanabadwe, luso limene linafala ku Ulaya patapita zaka zoposa 1,000. Mu ufumu wa Han ankathira mipeni ya pulawo yambirimbiri pamodzi ndi phiko lake lotembenuza dothi, ndipo cha m'ma 117 BC boma linatenga ng'anjo zonse kuti zikhale m'manja mwake. Apa m'pamene panaonekera poyera mfundo imene yavutitsa amisiri mpaka lero. Chitsulo chothira m'chikombole chimalimba, mchenga suchidya msanga, koma chikagunda mwala chimasweka. Chitsulo chosula sichisweka, chimangopinda, koma mchenga umachimaliza. Amisiri a ku China anapeza njira yapakati: ankabwezera zida zothirazo pamoto kwa masiku angapo kuti zifeweko, zisiye kuphwanyika.

Alimi osauka a ku Ulaya anali ndi yankho lawo, ndipo ine limandisangalatsa kuposa ena onse. M'minda yakale ya ku Denmark, Scotland ndi Ireland mumapezeka timiyala tating'ono, tambiri ta nsangalabwi, tosalala mbali imodzi yokha ngati wina anatinola dala. Kwa nthawi yaitali anthu sankadziwa ntchito yake. Kafukufuku, makamaka wa katswiri wa ku Denmark Axel Steensberg, anasonyeza kuti alimi a zaka za m'ma 1200 ndi 1300 ankaboola timabowo pa mtengo wa kunsi kwa pulawo, umene umakhuzika pansi ndi m'mbali mwa mzere, n'kukhomeramo timiyalati. Mtengo ukayamba kutha, timiyala tinkatsala totukuka n'kumalandira mchenga. Kamwala kakagwa, mlimi ankatola kena m'munda momwemo. Sanadziwe za Vickers, koma anafika pa yankho limene mafakitale anadzalipeza patapita zaka mazana ambiri: nsangalabwi imagonjera chinthu chokhacho cholimba ngati iyo, ndipo chinthucho sichiyenera kukuta chida chonse, chimangofunika pamalo pamene pakudyeka.

Mpeni weniweniwo unali ntchito ya wosula wa m'mudzi. Ukabuntha ankausula kuti upyapyalenso, ukafupika ankaumatiza chitsulo china pamoto, kawirikawiri kachidutswa ka steel kunsonga. Nyengo yolima mlimi ankapita kuchipala kawirikawiri. Pulawo ya Rotherham, imene Joseph Foljambe analembetsa ku England mu 1730, inakuta phiko lamtengo ndi chitsulo, ndipo James Small wa ku Scotland anadzathira phiko lonse m'chikombole. Koma mpeni unali kubunthabe.

Amene anasintha nkhaniyi ndi Robert Ransome, mwini kafakitale kothira zitsulo ku Ipswich. Amati tsiku lina chikombole chinasweka, chitsulo chamadzi n'kutayikira pa chinthu chozizira, ndipo iye anaona kuti mbali imene inazizira mofulumira inalimba kwambiri kuposa inayo. Mu 1803 analembetsa njira yothirira mpeni wa pulawo moti kunsi kwake kuzizire msanga n'kulimba, pamwamba pazizire pang'onopang'ono n'kukhala pofewerapo. Munthu angaganize kuti cholinga chinali kulimbitsa mpeni, koma phindu lenileni linali mu kusiyana kwa mbali ziwirizo. Pamwamba pamatha mofulumira, kunsi kumatsalira, motero m'mphepete mumakhalabe mopyapyala. Dzino la khoswe limachita zomwezo: kutsogolo n'kolimba, kumbuyo n'kofewa, ndiye likamatha limadzinola lokha. Mchenga umene unkabunthitsa mpeni unayamba kugwira ntchito ya wonola. Mu 1808 Ransome analembetsanso mapulawo a zida zomasula, kuti chotha chichoke, chatsopano chilowe, mlimi asachoke m'munda.

Ku America phunziro la zida zomasulali linabwera mowawa. Charles Newbold wa ku New Jersey anathira pulawo yonse ngati chitsulo chimodzi mu 1797. Alimi ena ankati chitsulo chimaika poizoni m'nthaka, koma vuto lenileni linali lakuti nsonga ikathyoka, pulawo yonse yatha. Jethro Wood wa ku New York, amene analembetsa pulawo yake mu 1819, anaigawa m'zidutswa zosinthika, ndipo ndi imeneyo inafala. Dzina lotchuka kwambiri ndi la John Deere, amene mu 1837 ku Grand Detour, Illinois, anapanga pulawo pogwiritsa ntchito macheka othyoka a pamalo ochekera matabwa. Koma tisamupatse ulemu wa nkhani imene si yake. Deere ankalimbana ndi dothi lomata la m'zigwa za kumeneko limene linkakakamira pa phiko, ndipo chitsulo chosalala chinkalitaya. Pa nkhani ya kutha kwa chitsulo, amene anachita zazikulu ndi John Lane, amene mu 1868 analembetsa chitsulo cha magawo atatu, cholimba kunja konse kuwiri ndi chofewa pakati kuti chisasweke, komanso James Oliver wa ku South Bend, Indiana, amene anakonza njira yoziziritsa msanga chitsulo chothira mpaka mapulawo ake otsika mtengo anadzaza msika.

Si chitsulo chilichonse chotchuka chimene chinathandiza mlimi. Mu 1882 Robert Hadfield wa ku Sheffield anapanga steel wokhala ndi manganese pafupifupi 12 pa 100 alionse. Chitsulochi chimalimba chikamamenyedwa, n'chifukwa chake chimachita bwino pa mphambano za njanji ndi m'makina ophwanya miyala. M'dothi lamchenga mulibe chochimenya mokwanira, mumangokhala kukanda kosalekeza, ndiye chimatha osafika polimba paja.

Chimene chinabweza nzeru ya timiyala ta ku Denmark ndi kuwotcherera. Oscar Kjellberg wa ku Sweden anapanga ndodo yowotcherera yokutidwa ndi mankhwala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mu 1907 Elwood Haynes ku America analembetsa msakanizo wolimba wa cobalt ndi chromium umene unadzatchedwa Stellite. Kampani ya Stoody ku California, imene inayamba mu 1921, inatchuka pomata zitsulo zolimba pa mano a zida zobowolera zitsime za mafuta, ndipo luso lomwelo linalowa m'zida zaulimi. Tsopano zinatheka kutenga mpeni wa chitsulo wamba chosasweka n'kuupaka m'mphepete kachikopa ka chitsulo chodzaza ndi timibulu ta chromium carbide, tolimba kuposa nsangalabwi. Ku Soviet Union, kumene minda ya boma inkamaliza mipeni yosawerengeka chaka chilichonse, anachita zimenezi m'mafakitale pogwiritsa ntchito msakanizo wotchedwa sormait, umene dzina lake linachokera ku fakitale ya Sormovo. Ankaumata mbali imodzi ya mpeni kuti udzinole wokha monga wa Ransome.

Sayansi inabwera mochedwa kudzafotokoza zimene amisiri ankachita kale. M'zaka za m'ma 1950 Mikhail Khrushchov ndi Mikhail Babichev ku Moscow anayeza zitsulo zambiri pozikhuza pa pepala la mchenga. Anapeza kuti kuumitsa steel pamoto kumathandiza, koma osati mofanana ndi mmene nambala ya kulimba imakwerera. M'ma 1960 R. C. D. Richardson, wa ku malo ofufuzira makina aulimi ku Silsoe, England, anasonyeza kuti kutha kumachepa kwambiri pokhapokha chida chikafika pa magawo pafupifupi 8 mwa 10 a kulimba kwa mwala umene ukuchikanda. Mwa nsangalabwi, ndiye kuti cha m'ma 800, ndipo steel wofika pamenepo amasweka akakumana ndi chitsa. N'chifukwa chake mpeni wa chitsulo chimodzi chokha sudzakwanitsa zonse ziwiri.

Mafakitale a masiku ano amagwira mbali zonse. Thupi la mpeni, mbale za hala ndi mano ong'amba nthaka amazipanga ndi steel wothira boron wochepetsetsa, wosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 10,000, amene amachititsa chitsulo kuuma mpaka m'kati popanda kusweka msanga. Nsonga imakhala yapayokha, yomanga ndi mabawuti, ndipo ina imatembenuzika kuti mbali imodzi ikatha igwire inayo. Pamwamba pa zonsezi pali tungsten carbide, amene Karl Schröter anapeza njira yomuumbira ku kampani ya Osram ku Germany mu 1923, kenako Krupp n'kumamugulitsa pa dzina la Widia. Timapale take amatimatiza kunsonga, ndipo m'dothi lamchenga nsonga yotero imakhalitsa kangapo kuposa wamba. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo m'munda wamiyala timapaleto timabenthuka, ndalama n'kulowa m'madzi.

Panabweranso anthu ena amene anafunsa ngati kuli kofunika kutembenuza dothi lonse chaka ndi chaka. Fumbi litakokolola minda ya ku America m'ma 1930, Edward Faulkner anatulutsa buku lodzudzula pulawo mu 1943, ndipo ulimi wosagaula unafalikira ku America ndi ku Brazil kuyambira m'ma 1960 ndi 1970. Iwo ankateteza nthaka, osati chitsulo, komabe hekitala imene sinagaulidwe sidya mpeni. Ku Zambia, kumene bungwe la Conservation Farming Unit linayamba mu 1996, chida chodziwika ndi ripa ya Magoye, dzino limodzi lomanga pa thupi la pulawo ya ng'ombe yomwe ija, long'amba mzere wodzalamo wokha. Chitsulo chokhudza dothi chachepa, koma ntchito yonse yaunjikana pa nsonga imodzi, ndiponso alangizi amati ming'alu ing'ambidwe m'chilimwe mvula isanagwe, nthaka ili youma.

Dzino lotere likafupika limathera kwa owotcherera a pamsika, ndipo kumeneko n'kumene mfundo ya Ransome ya 1803 imaiwalika kawirikawiri. Ndodo wamba yolumikizira zitseko ndi mawindo imangowonjezera chitsulo chofewa chimene mchenga umachichotsa msanga. Ndodo yolimbitsira ndi ina, ndipo ndi yodula. Ngakhale itapezeka, mlimi amafuna kuona kuti ndalama yake yagwira ntchito, ndiye amauza mmisiri kuti amate mbali zonse, mochindikala. Mpeni wotero umachedwadi kutha, koma m'mphepete mwake mumakhala mozungulira, sulowa m'nthaka, ndipo mtengo wake amalipira ndi makosi a ng'ombe. Mmisiri wodziwa amamata kamzere kopyapyala mbali imodzi, amatenthetsa chitsulo kaye kuti chisang'aluke, ndipo amachita zimenezi mpeni usanathe kwambiri, nthawi imene mwiniwake amaona ngati ukadali wabwino.