Manachesi Apsanso, Agogo

Agogo, lero chakwana chaka chikugonekereni pafupi ndi amayi anu, ndipo manachesi aja apsanso. Nthambi zikuchita kugwa nawo. Ine ndi amalume tadzuka m'mamawa kukaziikira mphanda, koma mphanda zathu zikupendekeka. Zanu zinkaima nji mpaka chipatso chomaliza.

Mitengoyi munaibzala mutabwera kuchokera ku Joni. Munkatiuza kuti ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, a Kamuzu analetsa zoti Amalawi azipitanso kumigodi, ndipo anzanu ambiri anasowa pogwira. Inu munabwera ndi njinga yakapalasa, bulangete ndi Baibulo lachikuto chong'ambika, n'kupempha malo otsetsereka amene aliyense ankawakana chifukwa cha miyala. Miyalayo munaitola umodziumodzi n'kuindandalika m'mizere yotchinga madzi. Ilipobe. Mvula ya namondwe Ana itakokolola minda ya anthu mu Januwale 2022, dothi lanu silinapite.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri ndi Lachisanu lina, ndili Sitandade 7. Aliyense wa kuno ku Neno akudziwa kuti lole ikakwera mapiri ano kuchokera kumsewu wa tala, imeneyo ndi mphatso. Tsikulo lole inafika dzuwa litapendeka, wogula ali ndi ndalama m'manja, akufuna tithyole usiku wonse kuti m'mawa akagulitse pa Zalewa ndi ku Blantyre. Munayang'ana kumadzulo, n'kumuuza mwaulemu kuti Sabata layandikira, abwere Lamulungu. Anaseka, nakagula kwa ena. Sanabwerenso. Sabata yotsatira manachesi anayamba kuyoyoka okha, ndipo fungo la zipatso zowola linadzaza munda wonse. Ndinakukwiyirani, Agogo. Nsapato zanga zinali zitatha, ndipo ndinkaziona m'mulu wowolawo. Simunandilalikire. Lamulungu tambala woyamba atalira munamanga madengu awiri panjinga, n'kuikankha kutsika ndi kukwera zitunda mpaka kumsika. Munachita zimenezo maulendo angapo, msinkhu wanu uli umenewo. Nsapato ndinavala.

Chikhristu chanu munachitengera ku Matandani, mishoni ya Seventh-day Adventist imene inakhazikitsidwa mu 1908, komwe munaphunzira kuwerenga ndi kugwira pulena. Simunali wodziwa kulalikira. Mukaima kutsogolo mawu ankakuthawani. Koma mabenchi a m'tchalitchi mwathu munakhoma ndinu, ndipo pokolola munkawerenga madengu mokweza, lakhumi n'kuliika padera tonse tikuona. Nthawi ya msonkhano wa misasa munkayamba ndinu kudula mitengo ndi kumweta udzu.

Amayi amasimba za zaka za nkhondo ya ku Mozambique, anthu othawa nkhondoyo atadzaza ku Luwani, kuti pakhomo panu sipankasowa mlendo wolankhula Chinyungwe akudya nanu m'mbale imodzi. Njala ya 2002 ndinaiona ndekha. Munatsegula nkhokwe tikadali ndi miyezi iwiri kuti tidye zatsopano, agogo aakazi akudandaula kukhitchini. Tinamaliza ndi maungu ndi nthochi zosakhwima, koma tinamaliza tonse, ife ndi ana a mlongo wanu.

Munali ndi mtima wapachala mwana akasiya khasu padzuwa, ndipo ena a ife tinkakuthawani. Ukalamba ndiwo unakufewetsani. Matenda othamanga magazi atakugwirani, mayi wa Abwenzi Pa Za Umoyo ankabwera kudzakuonani, n'kukupezani muli m'munda m'malo mogona pamkeka. Ankakudzudzulani, inu n'kumuthyolera manachesi.

Mawa ndi Lachisanu. Azakhali afika kale kuchokera ku Mwanza, ndipo amayi a Dorika alonjeza kudzaimba nafe potsegula Sabata. Chiliza tidzamanga tikagulitsa zipatso za chaka chino. Dengu lakhumi ndaliika kale padera, pansi pa mtengo waukulu uja munkakonda kunolerapo chikwanje.